Tifunseni: Sitima Zing'onozing'ono Zowolotsa Magalimoto Kupita pa Zilumba

Makalata amene tasankha kuyankha mwezi uno achokera ku Kasungu ndi ku Mchinji, maboma a fodya, chimanga ndi mtedza, kumene madzi aakulu amene ambiri a ife tidakula tikuwaona ndi a m'mitsinje ya Bua, Rusa ndi Dwangwa. Ngakhale zili choncho, makalata onsewa akukhudza nkhani imodzi, yomwe ndi ya sitima zimene zimanyamula anthu pamodzi ndi magalimoto awo kuchoka kumtunda kupita pa chilumba. Izi sizikutidabwitsa, pakuti masiku ano ana athu ali m'maiko akutali, ndipo madalaivala athu amafika mpaka kunyanja yamchere kukatenga magalimoto. Makalata ena tawafupikitsa pofuna kusunga malo.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Mwana wanga wamkazi, yemwe akugwira ntchito ya unamwino ku Scotland, adanditumizira kanema pa WhatsApp ali pa kasitima kochoka pamudzi wa Glenelg kupita ku chilumba cha Skye. Ndidawerenga magalimoto 6 pakasitimako, ndipo chimene chidandizunguza mutu n'chakuti anthu adakankha ndi manja bwalo lonse limene padali magalimotowo mpaka lidatembenuka. Mtima wanga sudakhale pansi kufikira atandiimbira kuti wawoloka bwino. Kodi chitsulo chosenza zitsulo zinzake chimalekeranji kumira? Nanga dziko lolemera chotero likulepheranji kumanga mlatho? Ndine bambo wa ku Mtunthama, Kasungu.

YANKHO: Aphunzitsi, nkhawa imene mudali nayo ndi ya kholo lililonse, koma mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa sitima imene mwana wanu adakwera yakhala ikugwira ntchito yotereyi kwa zaka zoposa 50. Dzina lake ndi Glenachulish, idamangidwa m'chaka cha 1969, ndipo poyamba inkawolotsa magalimoto pamalo otchedwa Ballachulish kufikira pamene padamangidwa mlatho m'chaka cha 1975. M'dziko lonse la Scotland yatsala yokhayo mwa sitima zimene bwalo lake loimikapo magalimoto limatembenuzidwa ndi manja, ndipo magalimoto 6 amene mudawerengawo ndiwo malire a zimene imanyamula.

Tiyambe ndi funso la kumira, ndipo yankho lake muli nalo pakhomo panu pomwepo. Mukaponya msomali m'thawale umamira nthawi yomweyo, koma mukaikapo beseni lachitsulo limayandama, chonsecho beseni ndi lolemera kwambiri kuposa msomali. Chinsinsi chili pa madzi amene chinthu chimakankhira pambali pamene chikulowa m'madzimo. Madzi amabweza chinthucho m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawachotsa pamalo pake, ndipo lamuloli adalifotokoza ndi katswiri wachigiriki Archimedes zaka zoposa 2,000 zapitazo. Msomali umachotsa timadzi tochepa kwambiri tosakwana kuunyamula, pamene beseni, pokhala lotambalala ndi lamphako, limachotsa madzi ochuluka lisanalowe n'komwe kufika pamlomo.

Popeza ndinu mphunzitsi, tiloleni tiike masamu pang'ono. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero malita 1,000 ndi tani imodzi. Tiyerekeze sitima ya pansi pafulati, yotalika mamita 20 ndi mamita 8 m'mimba mwake. Sitima yotereyi ikatsika m'madzi ndi masentimita 10 okha, imakhala itakankha malita 16,000, kutanthauza kuti yasenza matani 16. Magalimoto ang'onoang'ono 6, iliyonse yolemera tani imodzi ndi theka, ndi matani 9 basi, ndipo angaitsitse ndi masentimita osakwana 6, omwe ndi ochepera kutalika kwa chala chanu chamkombaphala. Choncho kulemera kwa magalimoto pakokha si chinthu choopsa ngati malire akutsatidwa. Choopsa chenicheni ndi pamene kulemerako kwaunjikana mbali imodzi, kapena pamene madzi apeza polowera, ndipo n'chifukwa chake amalinyero ndi amene amauza dalaivala aliyense poima, osati mwini galimoto kudzisankhira.

Kutembenuka kwa bwalo kumene kudakudabwitsani ndi nzeru yothana ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Pamalo amenewa, otchedwa Kyle Rhea, nyanja ndi yopapatiza, mwakuti ulendo wake ndi wa mphindi zochepa chabe, koma madzi ake amathamanga ngati mtsinje wosefukira pamene nyanja ikudzaza kapena kuphwa. Sitima singathe kuima chamutu kuyang'ana kumtunda, popeza madziwo angaikankhire pambali, choncho imaima chogona m'mbali mwa msewu wa konkire wotsetsereka kulowa m'madzi, kenako amalinyero amatembenuza bwalolo kuti mlomo wake ugwe pamsewuwo, kaya madzi ali pamwamba kapena ali pansi. Phindu lachiwiri ndi lakuti galimoto imalowa choyang'ana kutsogolo n'kukatulukanso choyang'ana kutsogolo, popanda dalaivala kubwerera chambuyo pamalo oterera pamene kuphonya pang'ono kungamugwetsere m'nyanja. Bwalolo lidakhazikidwa pachitsulo chapakati molinganiza bwino, monga momwe goli lolinganizidwa bwino limapepukira pakhosi pa ng'ombe, ndipo n'chifukwa chake anthu ochepa amatha kulikankha lili ndi matani angapo pamwamba.

Tatchula ng'ombe, ndipo alimi a kwathu kuno angakonde kumva kuti kalekale, sitima za magalimoto zisanabwere, anthu a pa Skye ankawolotsa ng'ombe zawo pamalo omwewa pozisambiritsa. Ankadikira nthawi imene madzi adekha, n'kuzimangirira motsatizana kumbuyo kwa bwato, paulendo wopita ku misika ikuluikulu ya ng'ombe ya kumwera monga Crieff ndi Falkirk. Njira imene mwana wanu adadutsa ndi yakale kwambiri kuposa sitima imene adakwera.

Za mlatho, yankho n'lakuti ulipo kale. Mlatho wa Skye udatsegulidwa m'chaka cha 1995 pamalo ena chakumpoto, pafupi ndi tawuni ya Kyle of Lochalsh, ndipo magalimoto ambiri amadzera kumeneko. Kasitimaka kadapitirira kuyenda chifukwa anthu a m'deralo sadafune kuti kafe, mwakuti m'chaka cha 2007 adakatenga kukhala m'manja mwa kampani ya anthu a m'mudzi, ndipo kamayenda m'miyezi yotentha ya kumeneko yokha, kuyambira cha m'nyengo ya Pasaka mpaka mu Okutobala. Ife tikuona kuti anthuwa adaganiza bwino, pakuti mlatho ukamangidwa patali umasamutsa apaulendo, ndipo mudzi umene apaulendo asiya kudutsamo umataya malonda ndi ntchito za ana ake, monga momwe malo ena a malonda kuno kwathu adazilalira msewu waphula utawalambalala.

FUNSO: Ndine dalaivala, ndipo ndimatumidwa kukatenga magalimoto ku Dar es Salaam. Mnzanga amene ndimafikirako amakhala ku Kigamboni, ndipo amandiuza kuti tiziwoloka ndi galimoto pa chimene iwo amachitcha pantoni, koma ine ndimakana chifukwa ndidamva kuti ku Mombasa galimoto idagwa pa sitima yotere muli anthu. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo munthu angadziteteze bwanji? Ndine dalaivala wa pa Kamwendo, Mchinji.

YANKHO: Achimwene, zimene mudamvazo n'zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni. Mzinda wakale wa Mombasa uli pa chilumba, ndipo kuti munthu apite kugombe la kumwera amawoloka pa Likoni, mtunda wa pafupifupi theka la kilomita, podutsa njira yomwe sitima zikuluzikulu zimalowera padoko. Pa 29 Sepitembala 2019, galimoto imene idali kumapeto kwenikweni kwa sitima yotchedwa MV Harambee idatsetsereka chambuyo sitimayo ili pakati pa madzi, n'kumira muli mayi ndi mwana wake wamkazi, ndipo padatenga pafupifupi masabata awiri kuti ivuulidwe. Kigamboni si chilumba, koma kawolokedwe kake n'kofanana ndi ka pa Likoni, ndipo ngati mtima wanu ukukana ndithu, kuli mlatho umene udatsegulidwa m'chaka cha 2016, ngakhale kuti ndi wozungulira kwa munthu wopita pakati pa mzinda.

Komabe ife sitikulangizani kuti muziopa pantoni moyo wanu wonse, chifukwa anthu masauzande ambiri amawoloka tsiku ndi tsiku bwinobwino, ndipo zambiri zoteteza moyo zili m'manja mwa dalaivala. Musanafike pamzere, onetsetsani kuti handibuleki ikugwiradi, makamaka pa galimoto imene mwangoilandira kumene padoko ndipo simudaidziwe khalidwe lake. Anthu amene mwawanyamula atsike akwere sitima wapansi, mutsale nokha m'galimoto. Potsetsereka kulowa m'sitima yendani pang'onopang'ono pa giya yoyamba, maso anu ali pa manja a mlinyero amene akukulozerani, ndipo ngati galimoto ndi yotsika mimba, kwerani chitseko chachitsulocho mopendeketsa pang'ono kuti isakhule pansi. Mukaima, kokani handibuleki mpaka pamapeto, ikani galimoto m'giya, kapena pa P ngati ndi ya otomatiki, kenako zimitsani injini. Kwathu kuno lole ikaima pachitunda wothandizira amathamanga kukaika mwala kutayala, ndipo pa sitima pali zipika zogwira ntchito yomweyo. Mukaikidwa kutsogolo kapena kumapeto kwenikweni, pemphani kuti akuikireni, ndipo musachite nazo manyazi.

Ngati malamulo a sitimayo akulola kutsika m'galimoto paulendo, tsikani mukaime pamene pali anthu ena, ndipo muone pamene asungira majekete oyandamitsa. Ngati akufuna kuti mukhale momwemo, tsitsani magalasi a mawindo musanazimitse injini, masulani lamba, ndipo zitseko zisakhale zokhoma. Chifukwa chake n'chakuti galimoto ikalowa m'madzi, madzi akunja amakanikiza chitseko mwamphamvu moti munthu sangachitsegule, magetsi otsitsira magalasi amatha kufa, ndipo windo lotsegula kale ndilo khomo lokhalo lotulukira msanga. Musalize injini sitima isanaime ndi kumangiriridwa, ngakhale anzanu ayambe kuliza ndi kuimba mahutala. Chinanso chimene tiyenera kunena mosabisa, popeza madalaivala athu ambiri adazolowera kuyenda ndi zigubu za mafuta chifukwa cha kusowa kwake, n'chakuti petulo wa m'zigubu ndi masilinda a gasi muyenera kuwaulula kwa amalinyero musanakwere, chifukwa moto wa pa sitima ulibe kothawira.

Pali chinthu chimodzi chimene mungachione ndi maso anu, chomwe ndi chitseko cha sitima. Chitseko chimene chimagwetsedwa n'kusanduka mlatho wolowerapo chiyenera kukwezedwa sitima isananyamuke, pakuti ndicho mpanda wotchinga magalimoto ndi madzi omwe. Pa 6 Marichi 1987, sitima yaikulu yotchedwa Herald of Free Enterprise idanyamuka padoko la Zeebrugge ku Belgium zitseko zake zakutsogolo zili zotsegula, madzi adalowa pabwalo la magalimoto, ndipo m'kanthawi kochepa kwambiri idagwa cham'mbali n'kupha anthu 193. Amayi a kwathu amachidziwa bwino chimene chidachitikacho, ngakhale sadaonepo nyanja. Madzi a m'beseni lotambalala amavuta kusenza kuposa a mu ndowa, chifukwa mutu ukangopendekeka pang'ono onse amathamangira mbali imodzi n'kukugwetsa, ndipo n'chifukwa chake amaikamo masamba kuti asagavire. Bwalo la magalimoto ndi beseni lalikulu lopanda zipinda, choncho madzi osafika n'komwe m'mawondo akhoza kugubuduza sitima yonse. Mukaona sitima ikunyamuka chitseko chikukhwekhwereza m'madzi, musakhale m'galimoto imene ili pafupi nacho.

Pomaliza pa funso lanu, funsani a inshuwalansi musananyamuke, chifukwa Yellow Card ya COMESA imene madalaivala amayenda nayo kunja imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, osati galimoto ya bwana wanu ikawonongeka.

FUNSO: Ndili Fomu 3, ndipo ndidamva kuti oyendetsa sitima kunyanja yamchere amayang'ana mwezi asanakonze nthawi ya ulendo. Kodi zimenezi si zikhulupiriro chabe? Ndine mtsikana wa ku Kapiri, Mchinji.

YANKHO: Mwanawe, zimenezi ndi sayansi yeniyeni. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu, ndipo dzuwa limathandizirako, mwakuti m'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola pafupifupi 25 aliwonse. Popeza maolawo amapitirira tsiku limodzi, nthawi ya kudzaza imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima usanaoneke watsopano, umakokera mzere umodzi ndi dzuwa, ndipo apa m'pamene madzi amakwera kwambiri ndi kutsikanso kwambiri. Ku Mombasa kusiyana kwake kumatha kuposa mamita atatu. Kwa sitima yowolotsa magalimoto izi n'zofunika, chifukwa madzi akaphwa kwambiri ikhoza kukhula mchenga, kapena chitseko chake chimatsamira mopendekeka kwambiri moti basi yaitali singakwere popanda kugunda pansi. Nthawi zonsezi zimawerengedwa pasadakhale n'kusindikizidwa m'mabuku a chaka chonse, kotero kaputeni sachita kuyang'ana kumwamba ayi. Pa nyanja yathu ya Malawi kukoka kwa mwezi n'kochepa kwambiri moti sikuoneka, ndipo madzi ake amakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka.

FUNSO: Ine ndimachita bizinesi yopititsa ufa, nyemba ndi mtedza ku Likoma, ndipo pobwerera ndimatenga usipa. Matumba anga amatsitsidwa m'lole pa Nkhata Bay, kukwezedwa m'sitima, kutsitsidwanso kutsidya, ndipo pena paliponse ndimalipira onyamula, kwinaku matumba ena akung'ambika ndi kunyowa. Kodi n'chifukwa chiyani kwathu kuno kulibe sitima yoti lole ingolowamo ndi katundu wake monga zimachitikira kwa anzathu? Ndine mayi wa pa boma, Kasungu.

YANKHO: Mayi, funso lanu lafika pamtima penipeni pa nkhaniyi, chifukwa phindu la sitima yowolotsa magalimoto si kusangalatsa eni magalimoto, koma kuchotsa kutsitsa ndi kukweza kumene kukukudyerani mpamba. Thumba likakwera lole ku Kasungu n'kukatsikira pakhomo pa sitolo pa chilumba, limagwiridwa kawiri kokha, ndipo mtengo wa ufa kwa wogula umatsika.

Ilala, imene anthu a ku Likoma ndi Chizumulu akhala akuidalira kwa mibadwo itatu, sidamangidwe ndi cholinga chimenecho. Idamangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, idabwera zidutswazidutswa kudzera padoko la Beira mpaka ku Chipoka, ndipo italumikizidwa idayamba kuyenda m'chaka cha 1951. Pa nthawiyo misewu ya m'mbali mwa nyanja idali yochepa ndi yovuta, magalimoto adali owerengeka, ndipo chofunika chidali sitima yonyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, kuima m'malo ambiri opanda doko. N'chifukwa chake ilibe chitseko choti galimoto ilowerepo, ndipo kwa zaka zambiri m'malo monga Nkhotakota, Likoma ndi Chizumulu yakhala ikuponya nangula patali, anthu ndi matumba n'kumafika kumtunda pa mabwato ang'onoang'ono.

Kuti lole yanu ilowe m'sitima pafunika zinthu zingapo zimene zonse zimadya ndalama. Pafunika potsetsereka pa konkire kumtunda ndi kuchilumba komwe, pomangidwa motalika mokwanira kuti pagwire ntchito m'zaka zimene nyanja yaphwa ndi m'zaka zimene yadzaza mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete, monga tidaonera m'chaka cha 2024. Pafunikanso sitima yoyenera nyanja yeniyeni, pakuti ulendo wa ku Likoma si wa mphindi zisanu ngati wa ku Skye kapena wa pa Likoni, koma wa maola angapo pakati pa madzi akuya opanda pobisala. Kasitima ka pansi pafulati ndi bwalo lotseguka, kamene kamachita bwino pamalo opapatiza, sikangapirire mwera wa mu Juni ndi Julayi, umene umautsa mafunde otha kukwera pabwalo la magalimoto, ndipo tafotokoza kale pamwambapa zimene madzi amachita akafika pamenepo. Nyanja yathu idaonetsa ukali wake pa 30 Julayi 1946, pamene sitima ya Vipya idagubuduka ndi mphepo yamkuntho chakumpoto n'kupha anthu oposa 140. Sitima ya ku Likoma iyenera kukhala ya m'mbali mwamutali, ya zipinda zotsekeka pansi pake, ndi ya maunyolo omangira lole iliyonse kuti isasunthe.

Ena anganene kuti ndalama zotere sizingabwerere, popeza chilumba cha Likoma n'chaching'ono, cha masikweya kilomita 18 okha kukula kwake konse, ndipo boma lonse la Likoma lidali ndi anthu ongopitirira 14,000 pa kalembera wa 2018. Mfundo imeneyi ili ndi mbali yoona, ndipo ifenso sitikuona chifukwa chodzazira chilumbacho ndi magalimoto a anthu okaona malo. Koma sitikugwirizana ndi kuyeza nkhaniyi ndi phindu la matikiti lokha. Msewu wa Kasungu kupita ku Nkhotakota, kapena wa Kasungu kupita ku Mchinji, sudamangidwe kuti ubweze ndalama zake pa zipata. Udamangidwa chifukwa anthu a m'madera amenewo ndi Amalawi oyenera kufika kuchipatala ndi kumsika. Kwa munthu wa pa chilumba, sitima ndiyo msewu wake, ndipo simenti yomangira sukulu, mafuta, mankhwala, ngakhale makina okonzera misewu, zonse zimadzera pamenepo. Maganizo athu ndi akuti choyamba chikhale sitima yodalirika imene imabwera pa tsiku lake, ndi ina yogwirizira pamene yoyambayo ili kokonzedwa. Koma pamene dziko likuganiza za sitima zolowa m'malo mwa zakalezi, imodzi mwa izo ikhale yotha kunyamula malole awiri kapena atatu ndi ambulansi. Pakali pano, mayi, valikani matumba anu m'mapulasitiki olimba, alembeni chizindikiro chooneka patali, ndipo muziwawerenga pamalo aliwonse osinthira.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo, ndipo mudzi wathu uli pafupi ndi mtsinje wa Rusa, kumene mu Epulo 2023 bwato lidagubuduka litanyamula anthu opita kumaliro, ndipo tidataya abale. Nthawi ya dzinja timawolokabe pa bwato pamodzi ndi njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi matumba. Anthu ena akuti vuto ndi kuchepa kwa mabwato athu, ndipo tikadakhala ndi sitima yaikulu ngati za kunyanja yamchere sibwenzi tikufa. Kodi ukulu wa sitima ndiwo chitetezo? Ndine bambo wa ku Mchinji.

YANKHO: Bambo, tikupepesa kwambiri chifukwa cha abale amene adatisiya pa ngozi imeneyo, ndipo tikuthokoza kuti m'malo mongolira mukufunafuna njira yotetezera otsala. Bwato lolimba ndi lotambalala n'labwino kuposa lopapatiza, ndipo pamalo amene anthu amawoloka chaka chonse yankho lokhalitsa ndi mlatho, monga momwe pa Kazungula, pakati pa Zambia ndi Botswana, adasiyira mapantoni mlatho utatsegulidwa m'chaka cha 2021. Pempho limenelo musaleke kulipereka kwa akhansala ndi aphungu anu. Koma ukulu wa chombo pawokha supulumutsa anthu. Sitima ya Le Joola ya ku Senegal idali yaikulu, yonyamula anthu ndi magalimoto, koma pa 26 Sepitembala 2002 idagubuduka itanyamula anthu ochuluka kuposa katatu malire ake, ndipo anthu oposa 1,800 adafa. Pa 10 Sepitembala 2011, sitima ya Spice Islander I idamira pakati pa zilumba za Unguja ndi Pemba ku Zanzibar, nayonso itadzaza mopitirira muyeso ndi anthu ndi katundu. Pamene kasitima ka magalimoto 6 ka ku Scotland kakuwolokabe patatha zaka zoposa 50, chifukwa galimoto yachisanu ndi chiwiri imauzidwa kuti idikire ulendo wotsatira.

Tiyenera kuvomereza kuti ife a kumtunda tidazolowera kudzaza. Pa matola timati malo sasowa, pa minibasi timakhala anayi pampando wa atatu, ndipo lole ikalemedwa imangoyenda pang'onopang'ono n'kukafika ndithu. Chizolowezi chimenechi tikapita nacho pamadzi chimatipha, chifukwa bwato lolemedwa silichenjeza. Limayenda bwinobwino kufikira pamene munthu mmodzi waimirira kapena kafunde kamodzi kalowa, kenako zonse zimatha nthawi imodzi.

Amalinyero adapeza mankhwala a vutoli kalekale, ndipo ndi otsika mtengo. Phungu wina wa ku Britain, Samuel Plimsoll, adamenyera nkhondo kuti sitima iliyonse ikhale ndi mzere wojambulidwa m'mbali mwake, umene madzi sayenera kuupitirira sitima ikadzazidwa, ndipo lamulo lake lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1876. Mpaka lero sitima za m'nyanja zikuluzikulu zili ndi mzerewo, ndipo wa madzi opanda mchere umasiyana ndi wa madzi amchere, chifukwa madzi amchere ndi olemererako ndipo amanyamula chombo kwambiri. Inunso mukhoza kuchita chimodzimodzi pa Rusa. Pemphani, kudzera kwa bwanamkubwa, kuti a nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi adzaone mabwato anu ndi kunena malire ake, ndipo pamenepo mujambule mzere wa penti yoyera kunja kwa bwato lililonse, n'kulembapo chiwerengero cha anthu ndi manambala aakulu oti aliyense awerenge ali kumtunda. Njinga yamoto iwerengedwe ngati anthu awiri, igonekedwe pansi pakati pa bwato n'kumangidwa, ndipo anthu onse akhale pansi mpaka bwato litagunda gombe. Majekete oyandamitsa ndiwo oyenera kugulidwa ndi ndalama zoyamba zimene mudzi ungasonkhe, ndipo podikira zimenezo, zigubu zopanda kanthu za malita 20, zotsekedwa bwino ndi zomangidwa chingwe chogwirira, zikhale m'bwato ndi pagombe kuti ziponyedwe kwa munthu amene wagwera m'madzi.

Chovuta kwambiri si penti kapena zigubu, koma tsiku la maliro, pamene aliyense akufuna kukafika mwambo usanayambe, ndipo mnyamata wopalasa bwato sangathe kuuza apongozi ake kapena nduna ya mfumu kuti atsike. Apa m'pamene pakufunika inu akuluakulu. Khalani pansi ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo ya mbali zonse ziwiri za mtsinje, mugwirizane kuti mawu a wopalasa ndiwo omaliza pa doko, kuti pa tsiku la maliro kapena la msika pazikhala mkulu mmodzi woimirira pagombe kuwerenga okwera, ndiponso kuti adzukulu ndi abusa a kutsidya azidikira kufikira ulendo womaliza wa bwato utawoloka.